Kansalu Kofiira ka a Zakeyu

Stelia ankafuna mvula. Ankaifuna kwambiri.

Kuseri kwa nyumba anali ndi kamunda kake. M'kamundamo anadzala mtedza. Mtedza unamera bwino. Kenako mvula inaleka. Dzuwa linawala. Mawa lake linawalanso. Timasamba ta mtedza tinayamba kufota.

Stelia ankakhala ku Mavwere. Sukulu yake inali pakhomo pomwepo. Aphunzitsi ake anali amayi ake. Kalasi inali pansi pa mtengo wa mango. Ophunzira anali awiri okha, Stelia ndi mlongo wake wamng'ono, Eneya. Nkhuku nazo zinkabwera, koma sizinkamva kanthu.

M'mawa uliwonse ankayamba ndi pemphero. Akati “Ameni,” Amayi ankaloza kumwamba.

“Kodi lero mukuona mitambo yanji?” Amayi ankafunsa.

“Ya nthenga!” Eneya ankayankha.

“Ya thonje,” Stelia ankayankha.

“Mitambo ya nthenga ilibe mvula,” Amayi ankatero. “Ya thonje nayo ndi ya dzuwa. Dikirani mtambo wautali ngati chulu. Pamwamba woyera, pansi wakuda. Umenewo ndiye wa mvula.”

Stelia anadikira. Mtambo wa chulu sunabwere.

Stelia anali ndi mnzake wa pamtima. Dzina lake anali Tiyanjane. Nyumba zawo zinali zoyandikana. Masana aliwonse Tiyanjane ankaima pa mpanda.

“Stelia! Tiye ku phada!”

Ndipo Stelia ankathamanga.

Bambo a Tiyanjane anali a Zakeyu. Khoma la nyumba yawo linali litang'aluka. Choncho a Zakeyu ankaumba njerwa. Ankaziyala pabwalo kuti ziume. Zinali njerwa zambirimbiri, mizere ndi mizere.

Tsiku lina Stelia anapita ku mjigo. Anapezako amayi awiri akunong'onezana. Stelia anaimika ndowa yake. Anatchera khutu. Makutu a Stelia sankadutsitsa kanthu.

“Mvulayi sinaleke yokha,” anatero mayi woyamba.

“Ayi ndithu. Alipo waimanga,” anatero wachiwiri.

“Nanga woumba njerwa n'kufuna mvula? Iye amafuna dzuwa.”

“Inu, tsitsani mawu! Mwana wake ndi uyo akubwera.”

Tiyanjane anafika ndi ndowa yake. Amayi aja anangoti zii. Tiyanjane anamwetulira. Stelia sanamwetulire. Mtima wake unkati thi! thi! thi!

Kodi n'zoona? Kodi a Zakeyu amanga mvula?

Masana, Tiyanjane anaima pa mpanda.

“Stelia! Tiye ku phada!”

“Sindibwera,” anatero Stelia. “Mwendo ukundipweteka.”

Mwendo wa Stelia unali bwinobwino.

M'mawa mwake Stelia anabisala m'nthochi. Anasuzumira kwa a Zakeyu. Ndipo anaona chinthu. Pafupi ndi njerwa panali nsungwi yaitali. Pamwamba pake panali kansalu. Kansalu kofiira psuu! Kanali komangidwa mfundo.

A Zakeyu anatuluka m'nyumba. Anayang'ana kansalu. Anayang'ana kumwamba. Anagwedeza mutu.

“Hmm,” anatero Stelia.

Tsikulo mvula sinagwe.

Mawa lake Stelia anabisalanso. A Zakeyu anatulukanso. Anayang'ana kansalu. Anayang'ana kumwamba. Anagwedeza mutu.

“Hmm!” anatero Stelia.

Tsikulonso mvula sinagwe.

Basi, Stelia anatsimikiza. Mvula ili m'kansalu. A Zakeyu aimanga pa mfundo ija. Stelia sanafunse Amayi. Sanafunse Tiyanjane. Anangodzifunsa yekha, n'kudziyankha yekha.

Masana Tiyanjane anabweranso pa mpanda.

“Stelia! Tiye ku phada!”

“Sindibwera. Ndatanganidwa.”

“Kodi ndakulakwira chiyani?”

Stelia anayang'ana pansi. Tiyanjane anabwerera pang'onopang'ono. Anali wokhumudwa. Stelia nayenso anamva chisoni. Koma akayang'ana mtedza wake, ankakwiyanso.

Madzulo amenewo, kwa a Zakeyu kunalibe munthu. Stelia anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ananyang'ama mpaka pa nsungwi. Anaipinda. Anamasula mfundo ndi zikhadabo. Kansalu kanamasuka. Anakabisa m'thumba la diresi, liwiro kwawo!

“Ndaimasula,” ananong'ona. “Tsopano igwa.”

Anakhala pakhonde. Anayang'ana kumwamba. Kumwamba kunali mbee! Dzuwa linalowa. Mvula sinagwe. Kunacha. Mvula sinagwe. Mtedza unali chifotere.

Kansalu kanali kakang'ono. Koma m'thumba kankalemera kwambiri.

Pa pemphero la m'mawa, Amayi anapempha mvula. Anapempherera minda yonse. Anapemphereranso anansi onse. Stelia anagwira thumba lake. “Ameni” wake anatuluka wamng'ono kwambiri.

“Lero tipanga mtambo,” anatero Amayi.

“Ife?” anafunsa Eneya. “Tikwera makwerero?”

Amayi anaseka. Anabweretsa ketulo ya madzi otentha. Nthunzi inkatuluka, ikukwera m'mwamba. Amayi anagwira mbale yozizira pamwamba pake.

“Yang'anani kunsi kwa mbale.”

Kunsi kwa mbale kunali timadontho. Timadontho tinakumana. Tinakula. Tinalemera. Kenako dontho limodzi linagwa. Tho!

“Mvula!” anakuwa Eneya.

“Ndi momwemo,” anatero Amayi. “Dzuwa limatenthetsa madzi a m'dambo ndi m'mitsinje. Nthunzi imakwera. Kumwamba n'kozizira ngati mbaleyi. Nthunzi imasanduka timadontho. Timadontho tikachuluka, ndiwo mtambo. Tikalemera, ndiyo mvula.”

“Nanga mtambo umayenda bwanji?” anafunsa Eneya. “Uli ndi miyendo?”

“Ulibe. Umakankhidwa ndi mphepo. Tiyeni tione kumene mphepo ikuchokera.”

Amayi anatenga nsungwi yaitali. Anatenga chitenje chakale. Anang'ambako kansalu. Anakamanga mfundo pamwamba pa nsungwi. Anaimika nsungwi pabwalo.

Maso a Stelia anatuzuka. Anaimirira msangamsanga. Choko chinagwa pansi.

“Amayi! Nanunso?”

“Nanenso chiyani, mwana wanga?”

“Nanunso mukumanga mvula?”

Eneya anaseka mpaka kugubuduka. Koma Amayi sanaseke. Anakhala pa mphasa. Anamukokera Stelia pafupi.

“Tandiuza. Wazimva kuti zimenezi?”

Stelia ananena zonse. Ananena za ku mjigo. Ananena za m'nthochi. Ananena za kansalu ka a Zakeyu.

“Stelia,” anatero Amayi, “waona mtambo wa pa mbale uja. Kodi unali ndi khosi loti n'kuumanga ngati mbuzi?”

“Ayi.”

“Mvula ndi ya Mulungu. Palibe munthu ali ndi chingwe chofika kumwamba. Anthu akada nkhawa amafuna womuloza chala. Koma chalacho chimapweteka munthu wosalakwa.”

“Nanga kansalu kaja n'kachiyani?”

“N'kofanana ndi akaka. Kamaonetsa mphepo. Kuno mvula imakonda kubwera ndi mphepo ya cha ku Zambia. Njerwa zosawotcha zikanyowa zimasungunuka. Bambo a Tiyanjane amakumba dothi m'dzenje lakuya. Ali m'dzenjemo, samva mphepo. Saona kutali. Amangoona nsonga ya nsungwi. Kansalu kakatembenuka, amathamanga kukafunditsa njerwa.”

Stelia anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kansalu kofiira. Kanali kofinyikafinyika.

Eneya analeka kuseka.

“Ha, Stelia,” anatero Amayi. “Safunsa anadya phula.”

Stelia anachita manyazi kwambiri. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Mwadzidzidzi Eneya analoza m'mwamba.

“Taonani! Kansalu kathu katembenuka!”

Zoonadi, kanali katatembenuka. Mphepo inkachokera cha ku Zambia. Inali yozizira. Masamba a mango anayamba kugwedezeka. Stelia anayang'ana kumadzulo. Uko kunali mtambo. Unali wautali ngati chulu. Pamwamba woyera, pansi wakuda bii!

Mvula! Mvula ija ankaifuna ija!

Koma Stelia sanavine. Anakumbuka njerwa. Zinali pabwalo, zosafunda. A Zakeyu anali m'dzenje. Nsungwi yawo inalibe kansalu.

“Amayi, njerwa!”

“Thamanga! Ife tikubwera ndi masaka.”

Stelia anathamanga. Anadutsa m'nthochi. Anadumpha mizere. Anafika pa dzenje ali wefuwefu. Pansi panali a Zakeyu ndi khasu. Tiyanjane ankawathandiza kunyamula dothi.

“Bambo! Bambo! Mvula ikubwera! Mphepo yatembenuka!” anakuwa Stelia.

A Zakeyu anayang'ana nsungwi. Nsungwi inali yopanda kanthu. Anakwera msangamsanga. Anaona mtambo.

“Mayo, njerwa zanga! Tiyanjane, pulasitiki! Fulumira!”

Onse anathamanga. A Zakeyu anayala pulasitiki. Tiyanjane anatsindira ndi miyala. Amayi anafunditsa masaka. Stelia ananyamula udzu. Eneya ananyamula tsamba limodzi la nthochi, koma ankakuwa kuposa onse.

Mzere uwu, wafunda. Mzere uwo, wafunda.

Kumwamba kunagunda. Gugudu! Dontho linagwa pamphuno pa Stelia. Tho! Lina linagwa. Tho! Tho! Kenako inangoti waa!

Onse anathawira pakhonde la a Zakeyu. Anali atanyowa. Anali matope okhaokha. Njerwa zambiri zinapulumuka. Koma mzere womaliza sunafunde. Njerwa zake zinasungunuka iwo akuona.

Stelia anagwada pamaso pa a Zakeyu. Anapereka kansalu ndi manja awiri.

“Bambo, pepani. Ndinakatenga ndine.”

“Iwe?” anadabwa a Zakeyu. “Ine ndimayesa kadyedwa ndi mbuzi!”

“Ndimayesa mwamanga mvula.”

A Zakeyu anayang'ana kansalu m'manja mwawo. Nkhope yawo inagwa.

“Ndikudziwa zimene anthu akunena,” anatero. “Zimandiwawa. Mwana wanga, nanenso ndili ndi munda. Chimanga changa chimafota ngati cha wina aliyense. Ndimapempha mvula tsiku ndi tsiku. Ndimangofuna isandipeze njerwa zili pamtunda.”

“Pepani, Bambo. Ndidzakuthandizani kuumba mzere uja.”

“Udzaponda matope?”

“Ndidzaponda.”

“Chabwino. Dzuka, ndakukhululukira. Ukanapanda kuthamanga, zikanatha zonse.”

Tiyanjane anaima pakona, atapinda manja. Stelia anapita pafupi naye.

“Ndiye chifukwa chake unkandithawa?” anafunsa Tiyanjane.

“Eya.”

“Mwendo sunkapweteka?”

“Sunkapweteka. Pepa, Tiya.”

“Ukanangondifunsa. Mfundo ija ndinamanga ndine.”

Tiyanjane anatembenukira kumbali. Stelia anaopa. Kodi ubwenzi watha? Mvula inkagwabe. Kumunda mtedza unkamwa madzi. Koma Stelia sanasangalale. Anabwerera kwawo ali ndwii.

Mawa lake kunacha bwino. Nthaka inkanunkhira. Timasamba ta mtedza tinali titadzuka. Amayi anatsamiritsa bolodi pa mango. Anapemphera pemphero lothokoza. Stelia anawonjezera mawu ake chamumtima. Sanapemphe mvula. Anapempha mnzake.

Sukulu itatha, anapita kwa a Zakeyu. Anaponda matope mpaka m'mawondo. Eneya anamuseka.

“Walira mvula, walira matope!”

Tiyanjane anali pomwepo. Ankanyamula chikombole. Sanaseke, koma milomo yake inkagwedera.

Masana Stelia anakhala pakhonde. Anayang'ana ku mpanda. Kunalibe munthu. Anadikira. Anayang'ananso. Kunalibe munthu. Pamwamba, kansalu kofiira kankauluka pa nsungwi yake. Ka Amayi nako kankauluka. Tonse tiwiri tinkaloza kumodzi.

Kenako udzu wa mpanda unagwedezeka.

“Stelia! Tiye ku phada!”

Stelia analumpha.

“Mwendo wapola?” anafunsa Tiyanjane.

“Wapola!”

Amayi anaseka pakhomo. A Zakeyu anaseka m'dzenje. Ndipo Stelia anathamanga.