Foni ya Amayi Sinalire

Tikondane atangoyatsa foni yake kuseri kwa kalasi, inalira nthawi yomweyo. Nambala inali ya ku Joni, ya alamu ake a Jacob, amuna a mchemwali wake Bernadette yemwe anali woyembekezera.

"Amayi! Bwanji osayankha chim'mawire?"

"Ndine Tiko, alamu."

"Iwe? Inetu ndaimba nambala ya amayi! Apatse foni msanga, Bernadette matenda ayamba!"

Apa Tikondane anakumbukira zimene anachita. Dzulo lake anali atajomba kusukulu, ndipo aphunzitsi anati aimbira makolo. Mnzake Stewart, katswiri wa zopanda pake, anamuphunzitsa timanambala topatutsira mafoni. Tikondane anatidina mobisa pa kafoni kamabatani ka amayi ake. Kuyambira pamenepo, aliyense woimbira amayi ankagwera pa foni ya Tikondane, yomwe inali chizimire m'chikwama.

"Alibe mayunitsi, ali ndi bandulo yokha," a Jacob anapitiriza. "Wandiimbira pa intaneti kuti ine ndiimbire amayi apeze njinga yamoto. Ali yekhayekha ku Malemia!"

Tikondane analiyatsa liwiro, chikwama anachisiya pomwepo. Anawapeza amayi ake pamsika wa Naisi akugulitsa tomato, kafoni kali pachitenje, akukayang'anayang'ana.

"Amayi, achemwali adwala! Tiyeni!"

"Mayo ine! Nanga osandiimbira bwanji? Si tinapangana?"

Tikondane anathamangira kukaitana njinga yamoto.

Pofika ndi njinga yamoto anamupeza Bernadette ali gone m'mbali mwa njira, amayi awiri odutsa atamutchinga ndi zitenje. Anali atayamba kuyenda wapansi, miyendo n'kumukanika. Kuchipatala namwino anawakalipira kuti achedwa naye kwambiri. Mwana anabadwa osalira, ndipo anathamanga naye kuchipinda china. Panapita kanthawi ndithu kuti kulira kwake kumveke.

Amayi anakhala pansi pakhonde, misozi ili chuchuchu.

"Ndine wopusa ine. Mwana wanga akufera panjira, ine ndili phee ndi chifoni chakufachi. Bernadette aziti mayi ake anamutaya."

Anadzutsa dzanja kuti amenyetse kafoni kaja pakhoma. Tikondane anawagwira mkono n'kugwada. Manyazi anamugwira kuposa mantha.

"Amayi, foni ilibe mlandu. Ndinaipatutsa ndine, kuti aphunzitsi asakupezeni."

Amayi anatsitsa dzanja lija.

"Dzuka," anatero motsitsa mawu. "Ukawauze wekha achemwali ako."