Wometa Atsikana a Ukwati wa Bethany

Madzulo alionse, dzuwa likamalowa kuseri kwa mafulati a ku Kabwata, Rhodah ankasesa tsitsi lonse la pansi pa mpando wake wolukirapo n'kuliwotcha pa mbaula, panja, aliyense akuona. Fungo lake linkalowa mpaka m'makhitchini mwa anthu, koma panalibe wodandaula. Woluka tsitsi amene sawotcha zosesa zake sakhalitsa pamalo. Ndani sadziwa zimene tsitsi la munthu limachita likagwera m'manja olakwika?

Mavuto anabwera ndi ukwati wa Bethany. Kutatsala mwezi umodzi, mtsikanayu anafika ndi Ba Katongo, matroni wophunzitsa gule atsikana operekeza mkwatibwi, mayi wa wigi yonyezimira yofika m'chiuno. Rhodah atapatula tsitsi la Bethany ndi chipeso anaima kaye. M'mphepete mwa mphumi munali timatuza tofiira, ndipo tsitsi la pamenepo linali litapyapyala, khungu likuonekera.

"Uyu sinimumanga," anatero Rhodah. "Mutu wayamba kale kudandaula. Aupumulitse."

"Ukwati uli pafupi, iwe ukamba vopumula?" anakalipa Ba Katongo.

"Mukadonsa futi mothinitsa na kuikapo guluu ya wigi, sisi izayenda. Siizabwela."

Ba Katongo anatsonya, namukoka mtsikanayo. Kuyambira tsiku limenelo Ba Katongo ankawaluka okha Bethany ndi anzake atatu kunyumba kwawo ku Woodlands, sabata ndi sabata, mothinitsa mpaka nsidze kukwera m'mwamba, kenako n'kumata mawigi pamwamba pake.

Ndiye zinayambika. Sampa, mmodzi wa atsikanawo, anadzuka m'mawa wina pilo ili bii ndi tsitsi. Kuseri kwa khutu kunali dazi lozungulira ngati pakamwa pa kapu, losalala ngati lometedwa ndi lezala. Analumbira kuti ali m'tulo anamva sizasi ikulira pafupi ndi mutu wake, chikhalirecho chitseko chinali chokhoma. Wachiwiri anati m'chipinda mwake mumanunkha tsitsi lopserera. Wachitatu anagwa pakati pa gule atagwira mutu, akulira kuti wina akumuzula tsitsi limodzilimodzi. Bethany naye mphumi inkangokulirakulira.

Anthu sanavutike kufunafuna. Kodi si Rhodah amene ananena pakamwa pake kuti tsitsi lipita ndipo silibwerera? Chenjezo lija linasanduka temberero, ndipo linakwera maminibasi mpaka kumsika wa Soweto. Mpando wolukirapo unayamba kukhala wopanda munthu. M'mawa uliwonse Rhodah ankapeza mchere utamwazidwa pakhomo pake. Mwini nyumba anamuuza, maso ali pansi, kuti pofika Lamlungu akhale atasamuka.

"Sinizayenda kulikonse," anayankha Rhodah. Mantha anali nawo ndithu, koma mkwiyo unali wochuluka kuposa mantha.

Loweruka masana anabwera, amayi oposa makumi awiri, Ba Katongo ali patsogolo, wina atanyamula botolo la palafini. Atsikana anayi aja anali pakati, mitu atakulunga nsalu.

"Choka panja, mfwiti iwe! Bweza sisi ya bana!"

Rhodah anatuluka, naima pakhomo, namasula duku lake n'kuliponya pansi. Phokoso linazima. Kuchokera pamphumi mpaka pakati pa mutu panalibe ngakhale tsitsi limodzi, khungu lokhalokha likunyezimira padzuwa.

"Onani bwino!" anakuwa. "Yanga analodza ndani? Nineka, na manja yanga, zaka twente zodonsa. Mutu ukababa pambuyo pomanga, tumatuza tukachoka, chipeso chikayamba kuzula sisi, ndiye nthawi yomasula. Osaika guluu, osaika mankhwala yoongola pamwamba pa vilonda. Sampa, iyo dazi yako niyaionapo kambili, yenda ku chipatala bakupime, mankhwala yopaka yaliko ukafulumila. Koma nkhanda ya kumutu ikasalala monga yanga, mizu yafa. Nikamba zoona, manje mufuna kunishoka na palafini?"

Wa palafini uja anabisa botolo kumbuyo.

Rhodah anatembenukira kwa matroni uja. "Ine navula. Na imwe Ba Katongo, vulani wigi tione."

"Ulibe ulemu, iwe!"

Ulemu unali utatha kalekale. Rhodah anatambasula dzanja n'kuzula wigi ija. Inagwa chagada pafumbi, ndipo fungo la mafuta a nsatsi owola linawabweza anthu m'mbuyo. Mutu wa Ba Katongo unali mbee ngati dzira. Koma maso a anthu sanali pamutupo. M'kati mwa wigi munali mutasokereredwa timitolo ta tsitsi, kalikonse komangidwa ndi ulusi wakuda ndi kupakidwa phulusa.

"Ng'anga inaniuza ati nikavala sisi ya bamene nibakonda, yanga izamela," ananong'ona Ba Katongo. "Nenze kufuna chabe ing'ono."

Sampa anawerenga mokweza. Atsikana anali anayi, timitolo tinali tisanu. Bethany anawerama n'kutola kachisanuko. Kanali ka imvi, kolukidwa ndi ulusi wofiirira umene iye mwini anawalukira mayi ake m'chipatala chaka chatha, kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Amayi onse anali pamenepo anakumbukira nthawi imodzi kuti ndi Ba Katongo amene anasambitsa mtembo uja, atatseka chitseko, ali okha.

Mmene Bethany ankadzutsa mutu, Ba Katongo anali atadutsa kale pampata wa mpanda, nsapato imodzi atasiya. Ku Woodlands anthu anakapeza nyumba yokhoma, makatani ali otseka, ndipo mpaka lero palibe wawaonanso.

Gulu linamwazika mwakachetechete, aliyense akupewa maso a mnzake. Bethany yekha sanachoke. Anavula nsalu ya kumutu, nakhala pansi patsogolo pa mpando wa Rhodah, kamtolo ka mayi ake atakafumbata pachifuwa.

"Ba Rhodah, nimasuleni."

Rhodah anakhala pampando wake, nayamba kumasula pang'onopang'ono, akupapasa khungu ndi chala.

"Izamela?" anafunsa Bethany.

"Apa izamela. Na apa." Chala chinafika pamwamba pa diso lamanzere, pamene panali posalala, ndipo chinaima. "Apa twachedwa, mwana wanga."