Mizere ya Elenala pansi pa Chilwa

Izi sizopeka ayi. Alli, amene ankanyamula anthu pa njinga kupita ku chilumba cha Chisi chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, anaziona ndi maso ake, ndipo akadali moyo.

Wilisoni anali munthu wouma mtima, zoona. Mkulu wake atamwalira, iye analanda munda wampunga kwa mlamu wake Elenala sabata isanathe. Mayiyo atafunsa akulira kuti tsopano azikalima kuti, Wilisoni anangoloza kumadzi, nati kunyanja malo ndi ambirimbiri. M'mawa mwake anthu anamuona Elenala akulowa m'mabango, khasu lili paphewa. Mtembo wake sunapezeke.

Patatha zaka zitatu madzi anathawa. Pansi pa nyanja panachita ming'alu, koma kutali uko, komwe kunali kwakuya, kunapezeka mizere. Yowongoka bwinobwino, yopanda udzu, kanjira kakudutsa pakati, ngati munda wakumtunda. Anthu anaopa. Wilisoni anangoseka, nati amenewo ndi mafunde chabe, malo opanda mwini ndi a wofika msanga. Anapita yekha kukakhoma zikhomo zake.

Dzuwa lili paliwombo, anamva fungo la dothi lonyowa. Kenaka khasu. Kha! Kha! Kumbuyo kwake. Atacheuka sanaone munthu, koma mzere umodzi unkatalika wokha, kulunjika pomwe anaima. Ati athawe, miyendo inali itamira kale mpaka m'mawondo.

Alli podutsa anamupeza matope atafika m'chiuno, pamalo pouma gwa. Anamukoka mpaka manja kupweteka, koma ayi ndithu. Wilisoni sankamuyang'ananso Alli. Maso anali kumzere uja.

"Alamu, pepani," ananong'ona. "Munda uja katengeni."

Khasu linangowonjezera liwiro.

Alli anapalasa njinga kukaitana anthu ndi chingwe. Pobwera anapeza mzere watsopano, wonyowa, wautali ngati munthu wogona. Anakumba mpaka dzuwa kupendeka. Anangopeza zigoba za nkhono.

Madzi anabwerera. Asodzi amati akamakankha bwato ndi nsungwi pamalopo amaimva mizere ija pansi, ndipo chaka chilichonse munda ukukulirakulira. Alli sadutsako. Akuti mphepo ikaleka masana, makasu amamveka awiri. Limodzi limalima modekha. Linalo limachita kuthamanga, ndipo silipuma.