Lamba wa Mpando Wachinayi

Panali mtsikana wina. Onse ankamutchula Kamtambo. Poyenda ankayang'ana kumwamba. Pakudya ankayang'ana kumwamba. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona mitambo ali pafupi.

Amayi ake anali makaniko wa helikoputa. Amalume ake ndiwo ankaiyendetsa. Helikoputayo inkagona m'shedi yaikulu yonunkha oyilo. Inali ndi mipando inayi ya okwera.

Tsiku lina amalume anabwera ndi uthenga. Anati anyamula anamwino atatu basi. Mpando wachinayi unalibe mwini. Kamtambo akanatha kukwera.

Kamtambo anakhala pampandopo. Anayamba kulota ali maso. Kodi mitambo ndi yofewa? Kodi ndi yozizira? Kodi mbalame zimapumirapo?

Koma helikoputa siinyamuka amayi asanaone malamba a m'mipando. Anayamba ndi lamba woyamba. Anamuyang'ana uku ndi uku. Kenako anatsinzina. Anayendetsa lamba pakati pa zala, pang'onopang'ono. Ankati zala zimaona zimene maso aphonya.

Analowetsa kachitsulo m'loko. Khethe! Anakoka mwamphamvu. Loko sanatseguke. Anagwedeza bawuti wa pansi pa mpando. Bawuti sanagwedezeke.

Lamba woyamba anali bwino. Lamba wachiwiri anali bwino.

"Achemwali, mukusisita lamba ngati mphaka," anatero amalume. "Dzuwa likutisiya."

"Wofulumira ayende wapansi," anayankha amayi.

Kamtambo naye anatsinzina. Anayendetsa lamba wake pakati pa zala. Anali wosalala. Anali wosalala. Kenako zala zinaima.

Pafupi ndi kachitsulo panali pokhakhala. Kamtambo anatsegula maso. Ulusi unali utaduka. Lamba anali ataperepeseka.

Kamtambo ankalidziwa lamulo la m'shedi. Lamba wodwala amamumanga kansalu kofiira. Pampando wa kansalu kofiira sipakhala munthu. Helikoputa ikanapita. Iye akanatsala.

Anaika dzanja pamalo podukapo. Anabisa.

Amayi anamaliza lamba wachitatu. Anafika pa mpando wachinayi. Analiona dzanjalo. Sanakalipe. Anangokhala pambali pake.

"Mwanangu, lamba wako ali bwanji?"

Kamtambo anayang'ana kunja. Mitambo inali yoyera mbee. Inkayenda pang'onopang'ono ngati ikumudikira. Mtima unati bisa. Mtima womwewo unati nena.

Anachotsa dzanja.

"Amayi, wadwala apa."

Amayi anakhudza. Anagwedeza mutu. Anati lamba wotere angaduke mphepo ikakula. Anatulutsa kansalu kofiira m'thumba. Anampatsa Kamtambo. Kamtambo anamanga yekha.

Amalume anasiya nthabwala. Anavula chipewa. Anamugwira chanza ngati munthu wamkulu.

Helikoputa inanyamuka. Inachepa. Inachepa. Inalowa m'mitambo. Kamtambo anatsala pakhomo la shedi. Misozi inatsika. Amayi anamupukuta ndi kuseri kwa dzanja, poti zala zinali za oyilo.

Tsiku loyamba, lamba watsopano sanabwere. Tsiku lachiwiri, sanabwere. Tsiku lachitatu, kunafika kabokosi.

Amayi anatenga sipanala. Anachotsa lamba wakale. Anamanga watsopano. Anamuona ndi maso. Anamuona ndi zala. Kamtambo nayenso anamuona. Khethe! Anakoka onse awiri. Lamba anali bwino. Kansalu kofiira kanachoka.

Tsiku limenelo mipando iwiri inalibe eni ake. Amalume anati amayi nawonso akwere. Amayi anati ali ndi ntchito yambiri. Amalume anaseka. Anati ntchitoyo siithawa. Amayi ndi Kamtambo anakwera.

Helikoputa inanjenjemera. Pansi panayamba kutalikira. Shedi inasanduka kabokosi ka machesi. Misewu inasanduka tizingwe. Kenako pa windo panayera. Kumanja kunayera. Kumanzere kunayera. Anali m'kati mwa mtambo.

Kamtambo anamva dzanja likumufinya. Anacheuka. Anali amayi. Ankayang'ana mapazi awo okha.

"Zaka zonsezi amangokonza," anatero amalume. "Kukwera ndi lero."

Kamtambo anaika dzanja lake lina pamwamba pa la amayi.

"Musaope, Amayi. Ndakugwirani."

Amayi anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana pa windo. Anamwetulira.