Chifuwa cha Pazenera

Madzulo amenewo, mu 2008, magetsi ku Zvishavane, ku Zimbabwe, anali atazima masiku anayi. Mkazi wanga Noria ankagoneka mwana wathu Vainess. Ine ndinali nditagwira chithunzi cha ekisire cha chifuwa changa, choti mawa lake ndikachionetse ku mgodi wa pulatinamu. Chikapezeka ndi banga, ntchito palibe. Masana ndinali nditaonapo kabanga ngati nsawawa, pamwamba kumanja. Ndinkadziuza kuti ndi litsiro chabe.

Kandulo tinalibe, ndiye ndinapita pazenera. Galasi lina linasweka kalekale, tinamatapo chithunzi chakale cha ekisire cha a Nikodemo, malume ake a Noria, amene fumbi la mu mgodi wa asibesitosi linawapha. Chawo chinali mabanga okhaokha, kupatula pamwamba kumanja.

Kunja kunkawala nyenyezi yabuluu. Kusukulu ya madzulo aphunzitsi athu a Obadiya anatiphunzitsa kuti nyenyezi zikuluzikulu zotentha chonchi zimatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, konga kwa makina a kuchipatala, koma mpweya wa kumwamba umakutchinga. Ndinakweza chithunzi changa kuloza nyenyeziyo. Sindinaone kanthu.

Kenaka chithunzi cha pazenera chija chinafufuma. Chinabwerera. Chinafufumanso. Mphepo kunalibe.

Kuseri kwake wina anatsokomola.

"Ndani?"

"Mkamwini, imani bwino. Kokani mpweya. Musapume."

Chifukwa chake sindichidziwa, koma ndinamvera. Ndinaima chilili, nthiti zikutentha, mpaka mawuwo anati, "Basi." Nditatsegula chitseko, pabwalo panalibe munthu.

Kutacha Noria anayang'ana chithunzi changa padzuwa.

"Bambo a Vainess, kabanga kanu kaja kali kuti?"

Panalibe. Tinakapeza pa cha a Nikodemo, pamwamba kumanja.

Ntchito ndinaipeza. A Obadiya nditawauza anaseka, nati kuwala kumeneko sikufika pansi pano, mwina ndinaona molakwika chifukwa cha mantha. Azimayi a pampopi amanong'ona kuti a Nikodemo anasenza banga la mkamwini wawo kuti mwana asagone ndi njala. Ine ndimafuna kukhulupirira onsewo. Koma chimene sindimvetsa ndi ichi: banga linachoka pa chithunzi chokha, kapena ndi m'mapapo momwe?

Dzulo Vainess anatsamiritsa mutu pachifuwa panga monga amachitira. Anamvetsera, kenaka anadzutsa mutu.

"Ababa, akutsokomola ndani m'katimu?"

Ine sindinkatsokomola.