Paipi Yobweza Mchere

Choyamba chimene a Pampu anaona chinali chaching'ono, choti munthu wina akanangochiponda n'kudutsa. Kuseri kwa nyumba ya makina kunali ngalande yotsikira m'paipi yobweza madzi amchere kunyanja, ndipo m'mphepete mwake mchere unkauma n'kumatirira, kuyera kuti mbuu. M'mawa umenewo mcherewo unali utasungunuka pamalo amodzi, kukula kwake ngati mbale, simenti ili yonyowa. Anagwada, kuviika chala, n'kulawa. Anali madzi abwino, opanda ngakhale kamchere.

Tauniyo inali m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo madzi akumwa kumeneko ankasamalidwa ngati mankhwala. Zitsime zinalowa mchere kalekale, mvula nayo inkangosuzumira n'kupita. Aliyense ankadalira makina amene a Pampu ankayendetsa, n'chifukwa chake anthu anawapatsa dzinalo mpaka lenileni linaiwalika. Paipi imodzi inkakoka madzi a m'nyanja, masefa n'kuchotsa mchere, abwino n'kupita m'thanki, otsala owawa aja n'kubwerera kudzera m'paipi ina yaitali yothera kutali, kwakuya. Makinawo ankayendera dzuwa. Likalowa nawo ankagona, pamalopo n'kukhala zii. Nyumba iliyonse inkatunga mwa muyezo, ndipo mwana wotaya madzi a m'kapu ankalawa khofi. Ndiye munthu wamkulu, wamutu wake, kumakhuthulira madzi abwino m'ngalande? Abale!

Mawa lake malo aja ananyowanso. Mkuja chimodzimodzi. M'thanki simunkachepa kanthu, loko ali bwinobwino. Tsiku lina mlonda wa pamalopo, nkhalamba yosaopa ngakhale galu wachiwewe, anawakokera a Pampu pambali.

"Abwana, ine ntchito ino ndisiya," ananong'ona. "Paipi ija imamwa usiku."

"Imamwa bwanji paipi?"

"Imagugudiza ngati munthu amene wayenda tsiku lonse padzuwa. Mpaka kukhosi kumamveka. Ine ndikangoimva ndimadzitsekera, sindisuzumira n'komwe."

"Ndi mafunde amenewo, achimwene. Amakankha mpweya m'paipi."

"Mafunde amapuma akameza?"

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Pamzere wotungira madzi amayi ankanong'onezana kuti nyanja yakwiya, ikufuna madzi ake amene anthu akuibera. Ena ankati ndi asodzi amene anatsakamira m'nyanjamo. Amene ankanena zimenezi ankatsitsa mawu a Pampu akamadutsa, pakuti aliyense ankadziwa. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali msodzi. Injini inawafera iye ndi anzake kutali, mphepo n'kuwatenga. Boti linapezeka patapita nthawi likungoyandama, zigubu zonse zili zotsegula, zouma gwa, munthu mulibe. Kufa ndi ludzu pakati pa madzi, imfa yoipa ngati imeneyo kulibe.

Koma za paipizo a Pampu sizinkawasowetsa tulo. Chinkawadya mumtima chinali kunyumba. Akazi awo, amene kale ankaseka mpaka anthu a nyumba yachitatu kufunsa kuti kwagwanji, ankatha ngati sopo. Milomo inang'ambika, maso analowa m'kati, khungu ukalitsina linkangoima osabwerera. Kuchipatala namwino anawayeza, kenaka anatuluka ndi a Pampu pakhonde.

"Bambo, matenda sindikuwapeza. Mayiwa thupi lauma basi. Impso zikutopa. Zikapitirira chonchi tiwataya."

"Lauma bwanji? Madzi ndimatunga ndekha, kapu ndimawapatsa m'manja."

"Nanga mumawaona akumeza?"

A Pampu anakumbukira kuti mayiwo ankalandira kapu ndi manja awiri, kuthokoza, n'kulowa nayo kuchipinda.

Usiku umenewo anauza akazi awo kuti akagona kuntchito, masefa akuvuta. Anamuuza mlonda kuti apite akapume, ndipo nkhalambayo sinadikire kuuzidwa kawiri. A Pampu anakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa thanki. Kunali mdima wa ndiweyani, mphepo itaima, nyanja ili bata ngati yafa. Ankangomva fungo la mchere ndi dzimbiri, ndi malata akulira pang'onopang'ono pozizira kutentha kwa masana. Anapemphera kuti abwere wakuba, abwere wamisala, ngakhale mzukwa, bola asakhale amene ankamuganizira.

Kenaka anamva mapazi pamchenga. Mapazi osavala nsapato, okwekwereza, oyenda pang'ono n'kuima, kuyenda n'kuima. Munthu sasokoneza kayendedwe ka mkazi amene wakalamba naye. Mayiwo anadutsa pafupi nawo atakumbatira botolo pachifuwa ngati khanda, anakagwada pa ngalande, n'kuweramira kukamwa kwa paipi.

"Ndabwera, bambo wanga," ananong'ona. "Pepa ndachedwa, miyendo ikukana. Imwa pang'onopang'ono, ungatsamwe."

Madzi anatsika, kulira kochepa pa simenti. Kunakhala zii. Ndiyeno kuchokera pansi, kutali m'kati mwa paipi, kunamveka kumeza. Kumeza kwenikweni, kwa kukhosi kouma, kamodzi, kawiri, kenaka kupuma kwakutali kwa munthu amene wachotsa kapu pakamwa. Makina anali atawazimitsa a Pampu ndi dzanja lawo dzuwa litalowa. Funde panalibe ngakhale limodzi.

A Pampu anadzuka. "Amayi."

Mayiwo sanadzidzimuke. "Mwabwera kudzamuona? Mwachita bwino. Amakufunsani."

"Madziwa ndi anu akumwa. Mukudzipha, amayi."

"Munandiuza nokha, makina ali atsopano, kuti paipi iyi imathera kwakuya. Kumene kuli mwana wanga n'komweko. Poyamba ndinkathira m'mphepete, koma mafunde ankangondibwezera kumapazi. Apa ndiye amafika." Anapendeketsanso botolo. "Sindinabe a munthu. Ndi gawo langa."

A Pampu anagwira botololo. Munali mutatsala madzi ofika theka. Dzanja la mayiwo linali lotentha, lopepuka ngati phesi, koma linakana kusiya.

"Imwani kaye inu, chonde. Otsalawo timupatsa."

"Ndi liti munaona mayi akumwa mwana akulira ludzu? Tamverani."

Pansi paja kumeza kunayambanso, chouma tsopano, kopanda madzi, kofulumira, kopempha.

Bambo uja anali atagwira zitsulo moyo wake wonse, ndipo sankakhulupirira chinthu chimene sipanala singamasule. Pamaliro a mwana wake, opanda mtembo, sanagwetse msozi. Koma usiku umenewo anagwada pa simenti, anaika pakamwa pake pa paipi ya mchere, n'kulankhula mmene ankalankhulira mnyamatayo akadya osasiyira ena.

"Iwe mwana iwe. Ndi bambo ako. Wamwa, zakwana. Amayi ako akufa kuno. Asiyireko." Kenaka anatsitsa mawu. "Ndikudziwa unavutika, mwana wanga. Ndikudziwa. Koma amayi akowa ndi okhawa amene ndatsala nawo. Gona tsopano."

Kumeza kuja kunaleka pomwepo. Anadikira. Mayiwo anaika khutu pa paipi, anaitana, anathiramo timadontho, anaitananso dzina la ubwana limene ankamutchula pomusambitsa. Palibe chinayankha. Inali paipi basi, yozizira, yonunkha mchere.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kuwayang'ana amuna awo mumdimamo.

"Mwamuthamangitsa," anatero. Sanakweze mawu. "Ankabwera kwa ine, inu mwamuthamangitsa."

Anaika botolo pakamwa n'kumwa onse mpaka dontho lomaliza, misozi kulibe, pakuti thupi linalibe madzi oti lilire nawo.

Mayiwo anachira. Namwino anakondwa, anthu pamzere anati Mulungu ndi wamkulu, mlonda anabwerera pantchito n'kumagona mpaka nkonono. M'mawa uliwonse a Pampu amatunga madzi, kuthira m'kapu, n'kuima pomwepo mpaka aone kukhosi kukuyenda. Mayiwo amalandira ndi manja awiri, amamwa onse, amabweza kapu. Koma kuyambira usiku umenewo sanawalankhulenso amuna awo ngakhale liwu limodzi.