Ulusi wa pa Mkono wa Lefteris

Mpira wa kiriketi ndi wolimba ngati mwala, ndipo aliyense wogwira ntchito m'malo omwera khofi a mumsewu wa Liston, pachilumba cha Kerkyra, amadziwa kuuzinda. Evanthia sadadziwe, poti linali sabata lake loyamba. Adangomva kuti phwaa! Thireyi uko, matambula uko, chakumwa chozizira cha jinja chotchedwa tsitsibira cha makasitomala atatu chili chuchuchu pasiketi.

Kuchokera pabwalo la kiriketi la Spianada, loyang'anana ndi malowo, kudatulukira mnyamata wamtali, wovala zoyera zokhazokha, ali wefuwefu.

"Pepani, achemwali! Mwavulala?"

"Bwalo lonselo lakucheperani eti? Mpaka kudzasewerera pathireyi yanga?"

"Si ine ndamenya. Ine ndimaponya. Womenyayo ndi Stamatis, uyo wabisala kumbuyo kwa anzakeyo."

"Ndiye inu mwabwereranji?"

"Ndamulanda mwayi. Chiyambire m'mawa ndikuponya mokhota chifukwa choyang'ana kuno. Dzina langa ndine Lefteris."

Evanthia adafuna kukwiyabe, koma milomo idamukanika, adaseka. Fotini, mayi amene adakalambira pantchito yomweyo, adabwera ndi tsache nayamba kusesa magalasi osamuyang'ana n'komwe mnyamatayo.

"Mwanawe," adatero Lefteris atachoka, "ndawaona ambiri anyamata a kiriketiwa. Zoyera ndi zovala zokhazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Koma ndi mtsikana uti wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene adamverapo Fotini?

Chilimwe chonse Lefteris ankamudikira poweruka n'kumuperekeza pokwerera basi. Basi isanafike n'kutali komwe, foni inali italira kale.

"Duwa langa, wasiya fungo lako pamalaya anga. Sindichapa."

"Chapa iwe, mawa muli ndi masewero!"

"Mtima wanga, ndikamathamanga kuti ndiponye, sindiona timitengo titatu ta kumbuyo kwa womenya tija. Ndimaona maso ako."

"N'chifukwa chake amakumenyera kutali chonchija."

Ankamuyankha mwachipongwe choncho, koma mauthengawo sadafufutepo ngakhale umodzi. Adamukonda Lefteris ndi mtima wonse, chikondi chosasiyako kena kodzagwira mawa.

Mu Januwale kudamveka nkhani. Timu ya achinyamata ya ku Kerkyra idzapita ku South Africa mwezi wonse wa Malichi kukanoledwa ndi aphunzitsi a kumeneko ndi kukasewera ndi masukulu awo. Anyamata khumi ndi anayi adasankhidwa, ndipo dzina la Lefteris linali pamwamba.

Ulendo udagwa pa 1 Malichi penipeni, tsiku lomanga ulusi. Evanthia adapota yekha tizibangili tiwiri, ulusi wofiira ndi woyera, monga amachitira aliyense kuti dzuwa la Malichi lisamuwaule. Mwambo wake ngwodziwika: umavala mpaka utaona namzeze woyamba wa chaka, kenako umadula n'kupachika pamtengo wa rozi kuti anamzezewo akamangire chisa.

Pabwalo la ndege padali phokoso la makolo ndi zikwama. Mnyamata aliyense adali ndi sutikesi imodzi ndi chikwama cha zosewerera. Lefteris adali ndi masutikesi awiri akuluakulu. Mayi ake, Mayi Garifalia, ankalira ngati pamaliro, mpango uli kukamwa.

"Mwezi umodzi wokha mayi akulira chonchi?" Evanthia adanong'ona.

"Ndi mmene alili. Ngakhale ndikwere boti kupita ku Igumenitsa, patsidya pompa, amalira. Masutikesiwanso ndi iwowo, alongedza ngati ndikupita kunkhondo."

Evanthia adamugwira dzanja lamanja, loponyera lija, namumanga ulusi mfundo zitatu. Lefteris adamumanganso wake, ndipo adalankhula akumuyang'ana m'maso, osaphethira.

"Tamvera, wapamtima wanga. Ulusi uwu sindivula mpaka tidzamuone limodzi namzeze woyamba. Tidzapachika wako ndi wanga parozi wa mayi ako. Ndipo tsiku la Pasaka ndidzabwera kwa bambo ako mphete ili m'thumba."

"Ukunena zoona?"

"Pali Spiridoni Woyera, ndikulumbira!"

"Nanga anamzeze akafika iwe usanabwere?"

"Usawaone! Uziyang'ana pansi," adatero akuseka.

Iye adaseka, koma Evanthia sadazitenge ngati nthabwala.

Sabata loyamba mauthenga ankabwera ngati mvula. Mabwalo a kumeneko ati ndi udzu wokhawokha, wosalala ngati kapeti, osati la kwawo lozunguliridwa ndi magalimoto oimikidwa. Adatulutsa omenya anayi pamasewero oyamba. Aphunzitsi a kumeneko ati adamuyamikira kuti ali ndi mkono wachilendo.

"Koma zonsezi n'zosakoma popanda iwe, njiwa yanga. Ndikuwerenga masiku."

Sabata lachiwiri timu idatumiza chithunzi kwa makolo ndi abale. Evanthia adachikulitsa ndi zala mpaka nkhope zidasokonekera. Stamatis adali ndi ulusi wake. Anzake onse, ngakhale aphunzitsi awo, adali nawo. Mkono wa Lefteris udali mbee, wopanda kanthu.

Evanthia adamulembera nthawi yomweyo.

"Ulusi uli kuti?"

Yankho lidatenga maola asanu.

"Woyimbira masewero anandiuza kuti ndivule, ati umasokoneza womenya ndikamaponya. Uli m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Usandikayikire, duwa langa, ukundipweteka."

Evanthia adachita manyazi, napepesa. Inde, adapepesa iyeyo! Kodi si zoona kuti oyimbira amavuta ndi zinthu za pamkono woponyera? Nanga munthu angalumbire pa Spiridoni Woyera n'kunama?

Anamzeze adafika pa 18 Malichi. Evanthia adawamva m'mawa akutsegula maambulera a panja, kulira kwawo kuja kotsetsereka, pansi pa makhonde a Liston pomwe amamanga zisa chaka ndi chaka. Nthawi yomweyo adagwetsa nkhope.

"Abwera! Taona, Evanthia, awiri apo!" adafuula Fotini akudula ulusi wake ndi mpeni wodulira mandimu.

"Sindiona, amayi."

"Wachita khungu?"

"Ndikudikira Lefteris. Tidzaonera limodzi."

Fotini adagwira m'chiuno. "Mayo ine! Ndiye uziyenda chowerama ngati wataya ndolo mpaka liti?"

"Kwatsala masiku khumi ndi limodzi."

Adayendadi choncho. Ankapereka khofi akuyang'ana nsapato za makasitomala. Ankadziwa miyala yonse ya mumsewu wa kokwerera basi, wosweka ndi wogwedera. Khosi linkawawa, anzake ankamuseka, kasitomala wina adafunsa ngati wafedwa. Mithunzi ya mbalamezo inkadutsa pansi pamaso pake, liwiro lokhalokha, koma mthunzi si namzeze. Kerkyra yense adadula ulusi, mitengo ya rozi idachita kufiira ndi kuyera, iye yekha wake udali pamkono, utayamba kuda.

Mauthenga a Lefteris adayamba kufupika. "Tatopa lero." "Ndikuyimbira mawa." Mawa lakelo osafika. Evanthia ankadzilimbitsa mtima kuti munthu ali pantchito yonoledwa, asamusokoneze.

Pa 29 Malichi adapempha kuweruka masana. Adavala diresi yobiriwira imene Lefteris ankaikonda, nakwera basi ya kubwalo la ndege, maso ali pamaondo njira yonse kuopa zenera.

Makolo adadzaza pakhomo potulukira. Evanthia adayang'anayang'ana, Mayi Garifalia osawaona. Kapena adwala? Chitseko chidatseguka, anyamata adayamba kutuluka atada ndi dzuwa, amayi awo akuwakumbatira ndi kuwapsompsona. Adawerenga. Khumi. Khumi ndi awiri. Khumi ndi atatu. Kenako aphunzitsi. Kenako chitseko chidatsekeka.

Stamatis adamuona, naima ngati wapondedwa ndi galimoto.

"Evanthia? Wabwera kudzatani?"

"Funso lanji limenelo? Lefteris ali kuti? Watsalira ndi katundu?"

Stamatis adatula chikwama pansi pang'onopang'ono. "Mlongo wanga, usandiuze kuti sanakuuze."

"Kundiuza chiyani?"

"Lefteris watsala. Sukulu ina ya kiriketi ya kumeneko yamutenga zaka zitatu."

"Amuona bwino pamasewerowa eti? Ndiye akuganizabe, sanavomere, angayambe wandifunsa..."

"Evanthia." Stamatis adamudula mawu. "Mapepala anasaina mu Januwale. Anamuonera pa mavidiyo kalekale. Tikiti yake inali yopita yokha. Timu yonse imadziwa, mpaka tinamuwotchera nyama yotsanzikana. Anatiuza kuti iwe wavomera, koma sufuna kuti nkhaniyo izikambidwa."

Masutikesi awiri aja! Misozi ya Mayi Garifalia ija! Zonse zidali poyera, pamaso pake penipeni, iye ali kalikiliki kumanga mfundo zitatu.

"Nanga ulusi?" Mawu adatuluka ang'onoang'ono. "Woyimbira uja..."

"Woyimbira uti?" Stamatis adatsegula kathumba ka m'mbali mwa chikwama chake. "Anadula tili ku Athens, podikira ndege yachiwiri. Anausiya patebulo pamodzi ndi makapu a khofi. Ine ndinatola, sindikudziwanso chifukwa chake. Zinangondiipira."

Adamuikira m'manja kaulusi kofiira ndi koyera, koyera bwino ngati kopotedwa dzulo. Mfundo zitatu zija zidali zomangikabe. Sikadakhale pamkonopo ngakhale maola atatu.

Evanthia sadalire pamenepo. Adathokoza Stamatis mwaulemu ngati wamupatsa chenji, natuluka. Ali m'basi adalemba mawu atatu okha.

"Stamatis wandipatsa ulusi."

Ulendo uno yankho silidachedwe.

"Mtima wanga, ndimaopa kukuliza, n'chifukwa chake sindinanene. Mwayi ngati uwu subwera kawiri. Komanso kuno anamzeze ali mbwee, ndinawaona tsiku loyamba lomwe, ndiye mwamwambo sindinalakwe kwenikweni. Zaka zitatu si zambiri, duwa langa. Undidikire."

Adawerenga kawiri. Ngakhale pano akunamabe! Akadanena mu Januwale, kodi sakadamudikira? Akadamudikira zaka zitatu, ngakhale zisanu, mosangalala. Chimene chidamuswa mtima si South Africa ayi. Ndi maso aja osaphethira, pabwalo la ndege, munthu akulonjeza Pasaka tikiti yopita yokha ili m'thumba.

Sadapite kunyumba. Adatsikira m'tauni, nayenda mpaka ku Liston. Fotini adangoona diresi yobiriwira ikubwera yokha, adatula thireyi. Sadanene kuti ndidakuuza. Adamukumbatira, ndipo m'pamene Evanthia adalira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

"Lira, mwana wanga, lira. Misozi siipha munthu."

"Masiku khumi ndi limodzi, amayi! Ndayenda ngati chitsiru masiku khumi ndi limodzi!"

"Chitsiru si iwe. Iwe unasunga mawu ako."

Atatonthola, Evanthia adapukuta m'maso, napempha mpeni wodulira mandimu uja. Adatuluka pakhonde, naima poyera, moyang'anana ndi bwalo la kiriketi. Khosi lidachita kulira pamene ankadzutsa mutu.

Anamzeze adali pomwepo, ambirimbiri, akuzungulira pamwamba pa madenga, ena atanyamula matope kukamwa. Adachokera ku Africa komweko, opanda kulumbira pa woyera aliyense, koma adafika.

Adadula ulusi wake, naupachika pa rozi wa mumphika wa pakhomo la ntchito. Wa Lefteris adauyang'ana kanthawi m'dzanja lake.

"Upachikenso?" adafunsa Fotini.

"Ayi, amayi. Uwu sungamange chisa."

Adauponya m'bini momwe adatayamo magalasi osweka tsiku lija. Foni idaliranso m'thumba, dzina la Lefteris likuwala. Evanthia adaizimitsa, namanga epuloni pamwamba pa diresi yobiriwira, napita kukafunsa makasitomala a patebulo lachitatu chimene amwe, akuwayang'ana kumaso.